The Twits: kabuku ka ndevu zauve kochotsa tsinya, bola mudziwe kawerengedwe kake

Mwana akabwera kusukulu nkhope ili yakugwa, kapena wamkulu akaweruka kuntchito mutu uli wotentha, si buku lililonse loseketsa limene lingathandize. Mabuku ambiri a ana amatha masamba khumi akufotokoza za banja, nyumba ndi nyengo, pamene munthu wokhumudwa alibe mtima wodikira zonsezo. Pamafunika buku loti phwete lifike mphindi zitatu zisanathe, lokhala ndi malo ambiri oimirapo, komanso losaumitsa pakamwa pa wowerenga. The Twits la Roald Dahl limakwanitsa zitatu zonsezi. Lili ndi zofooka zake, zina zazikulu ndithu, ndipo pali masiku ena oipa amene bukuli siliyenera n'komwe kutsegulidwa.

Linatuluka ku Britain mu 1980, m'Chingerezi. Dahl anabadwira ku Wales mu 1916 ndipo anamwalira mu 1990. Zithunzi anajambula ndi Quentin Blake, amene anayamba kugwira ntchito ndi Dahl pa buku la The Enormous Crocodile mu 1978. Ndi kabuku kowonda, ka machaputala 29, ambiri mwa iwo masamba awiri kapena atatu, zithunzi zili momwemo. Kukawerenga konse mokweza, mosathamanga, kumatenga pafupifupi ola limodzi. Ndiye kuti chaputala chimodzi ndi mphindi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Phindu lake lagona pamenepa: mutha kusiya pomwe mwafuna nkhani osaduka pakati, ndipo munthu amene wakana kumvetsera buku savuta kuvomera mphindi ziwiri zokha.

Nkhani yake ndi ya banja la nkhalamba ziwiri zauve ndi zankhanza, Mr Twit ndi Mrs Twit, zokhala m'nyumba yopanda mawindo. Machaputala anayi oyamba amangofotokoza anthuwa. Mwamunayo, wa zaka 60, sasambitsa ndevu zake, ndipo m'ndevumo mumakanirira zotsala za chakudya cha miyezi yambiri, zimene amazinyambita akamva njala. Mkaziyo ali ndi diso lagalasi ndipo amayenda ndi ndodo, osati chifukwa cha mwendo, koma kuti azimenyera agalu, amphaka ndi ana.

Mtima wa bukuli, kwa munthu wofuna kuchotsa tsinya, uli pa chaputala 5 mpaka 13. Awiriwa amachitana chipongwe mosinthanasinthana. Mkazi aponya diso lake lagalasi mu mowa wa mwamuna. Mwamuna abwezera ndi chule m'mabulangete. Mkazi akumba nyongolotsi kudimba n'kuziphatikiza mu spaghetti, kuthirapo msuzi wa tomato, n'kudikira mpaka mbale itayera asananene chimene mnzake wadya. Kenako pabwera chiwembu chachitali kuposa zonse: usiku uliwonse mwamuna amata kathabwa kopyapyala ngati kandalama kachitsulo kunsi kwa ndodo ya mkazi wake ndi kunsi kwa miyendo inayi ya mpando wake, mpaka mkaziyo akhulupirira kuti akufupika. Mankhwala ake, akutero mwamunayo, ndi kumukoka ndi mabaluni kuti atalike.

N'chifukwa chiyani zimenezi zimagwira ntchito pa munthu wokhumudwa? Pali zifukwa ziwiri zooneka. Choyamba, womvetsera amadziwa msamphawo wokodwayo asanaudziwe. Nyongolotsi taziona zikulowa m'mbale, choncho foloko iliyonse imene ikupita kukamwa imakoka maganizo onse a womvetsera, ndipo mutu umene ukudikira foloko yotsatira sungabwererenso nthawi yomweyo ku zimene mphunzitsi kapena bwana ananena masana. Chachiwiri, palibe womumvera chisoni. Onse awiri ndi oipa mofanana, kotero munthu amaseka popanda kudziimba mlandu. Amene wapsa mtima tsiku lonse amapeza pothira ukali wake popanda wovulala. Wowerengayo nayenso amapindula, ndipo nthawi zina ndi iye amene anafunika bukulo kuposa mwana: kuwerenga mokweza kumakakamiza kupuma mwadongosolo ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo pakamwa pakatanganidwa ndi mawu a Mrs Twit sipangabwerezenso madandaulo.

Kuyambira chaputala 14 bukuli limasintha. Zachipongwe za m'banja zimatha, n'kubwera nkhani imodzi yaitali ya anyani anayi a ku Africa, Muggle-Wump, mkazi wake ndi ana awo awiri, amene Mr Twit anawatsekera m'khola ndipo amawakakamiza kuima chadodolido maola asanu ndi limodzi tsiku lililonse. Mulinso mtengo waukulu wouma umene Lachiwiri lililonse amaupaka guluu kuti mbalame zikatera zimatike, zidzadyedwe Lachitatu. Mwana amene anatcherapo ulimbo amva msanga zimene zikuchitika kuposa mwana wa ku London, koma pa chifukwa chomwecho kudya mbalame sikumudabwitsa, ndipo nthabwala imene Dahl anaika pamenepo siifika ndi mphamvu. Musalimbane nayo. Phwete la gawoli lili pa anyamata anayi amene anamatika pamtengowo n'kuthawa atasiya makabudula awo panthambi, komanso pa kubwezera kwa anyani: mothandizana ndi mbalame, amamata kapeti, mipando ndi matebulo kudenga kuti eni nyumba akabwera aganize kuti iwowo ndi amene azondoka. Machaputala apakati, pamene mbalame zikuchenjezedwa kawiri konse m'njira yofanana, amakoka pang'ono. Gawo lachiwirili ndi labwino kwa mwana amene wayamba kale kukonda nkhaniyo; si loyambira pa tsiku loipa.

Tsono kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi ka magawo anayi a mphindi pafupifupi 15: chaputala 1 mpaka 7, chaputala 8 mpaka 13, chaputala 14 mpaka 21, ndi chaputala 22 mpaka kumapeto. Ngati womvetsera wafika poipa kwambiri, lumphani chiyambi. Nenani ndi mawu anu kuti kunali mwamuna wandevu zauve ndi mkazi wake wadiso lagalasi amene ankadana, onetsani chithunzi chawo, n'kupita molunjika ku chaputala 5.

Kawerengedwe: pamene ambiri amalakwitsa

Musaliwerenge koyamba pamaso pa womvetsera. Liwerengeni nokha chamumtima, zimene sizifika mphindi 40, pensulo ili m'manja. Ikani kamzere pamalo pamene muyenera kuima, ndipo m'mbali mwa tsamba lembani chilembo chosonyeza amene akulankhula, chifukwa Dahl kawirikawiri amatchula wolankhula mawuwo atatha kale. Wosakonzekera amayamba ndi liwu la mwamuna n'kuzindikira kumapeto kwa chiganizo kuti anali mkazi, ndipo kubwereza kumapha nthabwala.

Mawu a anthu ndiwo amapweteka owerenga ambiri. Aliyense amafuna kumupatsa Mr Twit liwu lobangula lochokera pakhosi. Pakatha mphindi zisanu kukhosi kumayamba kuyabwa, chifuwa n'kubwera, ndipo chaputala chachitatu simuchimaliza. Tsitsani liwu pang'ono chabe, lankhulani mochedwa, ndipo kankhirani chibwano kutsogolo. Kaonekedwe ka pakamwa kamasintha liwu popanda kukanda kukhosi. Mrs Twit mumutulutsire m'mphuno, mofulumira, koma osakuwa. Wofotokoza nkhani akhale liwu lanu lenileni, ndipo likhale losaseka, lotsimikiza, ngati kuti mukunena zoona zokhazokha za zimene zimakhala m'ndevu. Mawu atatu amenewa akwana pa theka loyamba. Pa gawo la anyani onjezani awiri okha: Muggle-Wump wothamanga ndi wopuma mwawefuwefu, ndi mbalame yotchedwa Roly-Poly Bird yolankhula modzimva. Mukapitirira pamenepo mudzaiwala liwu limene munapatsa wina, ndipo ana saiwala. Kapu ya madzi ikhale pafupi.

Chofunika kuposa mawu ndi kuima. Nthabwala za bukuli zimamangidwa pa kudikira. Pa chaputala cha nyongolotsi, imani masekondi awiri kapena atatu nthawi iliyonse mwamunayo akameza, ndipo mkazi asananene chinsinsi chake imani motalikirapo, maso ali pa womvetsera. Kuthamanga ndiko kulakwa kofala kwambiri, ndipo kumabwera chifukwa wowerenga akaona kuti mnzake sanaseke amachita mantha n'kufulumira kuti afike pa nthabwala ina. Zotsatira zake n'zakuti yachiwiriyo nayonso imafa. Womvetsera akaseka, dikirani amalize. Mukawerenga phwete lili mkati, chiganizo chotsatira sichimveka. Ndipo yesetsani kuti musayambe kuseka inuyo nthabwala isanafike. Kuseka pamodzi pambuyo pake n'kwabwino kwambiri, koma kutsogola kumamulanda womvetsera chake.

Zithunzi za Blake zimafuna nzeru yake. Ndi za mizere ya inki yooneka ngati yojambulidwa mothamanga, ndipo zina zimaulula nthabwala mawu asanafikepo. Mwana amene wakhala pambali panu akuona tsamba adzaona diso pansi pa kapu musanaliwerenge. Njira yabwino ndi kukhala moyang'anizana, kuwerenga mpaka nthabwala itagwa, kenako kutembenuza buku. Chithunzicho chimabweretsa phwete lachiwiri. Chokhacho chimene muyenera kuonetsa msanga ndi cha ndevu zoonetsedwa pafupi ndi zakudya zake, chifukwa ana amakonda kusakasaka okha zimene zili m'menemo. Apatseni mphindi yathunthu. Mizereyo ndi yopyapyala, choncho magetsi akazima kandulo sikwanira; nyale ya sola kapena tochi ya foni ikhale kumbuyo kwa phewa la woonerayo.

Dahl amakonda kulankhula ndi wowerenga mwachindunji, kumufunsa mafunso ndi kumuchenjeza. Pamalo amenewa dzutsani mutu, funsani funsolo ngati lanu, n'kusiya mpata woyankha. Koma musasandutse kuwerengako kukhala kalasi. Mafunso onga akuti taphunzirapo chiyani, kapena tchula mayina a anyani, amabwezera mwana kusukulu kumene kwamukhumudwitsa. Musamufunsenso pakati pa nkhani ngati akumva bwino tsopano. Ngati akufuna kunena chimene chinachitika, adzanena yekha, kawirikawiri buku litatsekedwa.

Za chinenero

Chingerezi chake n'chosavuta, ziganizo zazifupi, koma muli zinthu zitatu zopunthwitsa mwana amene amamva Chichewa kuposa Chingerezi: mawu opeka a Dahl, monga dzina la chilombo chimene Mr Twit amanamiza mkazi wake kuti chili pabedi, mawu onyoza achikale a ku England, ndi zakudya monga tchizi cha Stilton. Mawu opekawo musawafufuze m'dikishonale ndipo musawamasulire. Atchuleni mokoka, mwamantha, ndipo mwana amva kuchokera pa liwu lanu.

Kumasulira chiganizo chilichonse mukangochiwerenga ndi njira yoipa kuposa zonse. Kumachulukitsa nthawi kawiri, ndipo nthabwala imanenedwa kawiri, koyamba yosamveka, kachiwiri yozizira. Kwa mwana wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo, fotokozani m'Chichewa ziganizo ziwiri za mmene chaputala chikuyambira, osaulula mathero, kenako werengani Chingerezi mosadukiza. Kwa wamng'ono, siyani Chingerezicho: konzekerani chaputala, tsegulani buku chifukwa cha zithunzi zokha, n'kusimba nkhaniyo m'Chichewa ngati nthano. Apa muli ndi ufulu. M'ndevu muja ikanimo mchira wa usipa, nyenyeswa za nsima ya dzana ndi therere louma. Mrs Twit akatsika kumwamba n'kugwera mwamuna wake, khu! imodzi yabwino iposa ndime yonse. Munthu amene amabwera kumapeto kudzawerenga mita ya gasi angakhale wowerenga mita ya madzi, nkhani osawonongeka.

Masiku amene bukuli siliyenera

Apa tinene mosabisa, chifukwa kulakwitsa pamenepa kumawonjezera ululu. Ngati mwana wakhumudwa chifukwa makolo akangana kapena amenyana, musatsegule The Twits. Theka lake loyamba ndi mwamuna ndi mkazi ozunzana, kutukwanana, ndipo pa chaputala 13 mkazi amakwapula mwamuna ndi ndodo. Kwa mwana wa m'nyumba yamtendere zimenezi n'zoseketsa chifukwa n'zakutali; kwa wina ndi zimene wangomva kuchipinda.

Ngati wasekedwa kusukulu chifukwa cha maonekedwe ake, samalani ndi chaputala 4 ndi 5. Chaputala 4 chili ndi ndime yodziwika yonena kuti maganizo oipa amaipitsa nkhope, ndipo maganizo abwino amakongoletsa munthu ngakhale ali ndi mphuno yokhota kapena mano otuluka. Mbali yachiwiriyo ndi yokoma mtima ndipo ambiri amaikonda. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi atha kutolapo mbali yoyamba yokha, n'kuganiza kuti munthu wooneka mosiyana ndi ena ndi woipa mtima. Diso lagalasi ndi ndodo nazonso zaikidwa pa munthu woipa, zimene sizabwino kwa mwana wolumala kapena amene ali ndi agogo otero. Pa maliro kapena matenda aakulu, dziwaninso mathero: awiriwa amamatika pansi chadodolido, kufupika mpaka kutheratu, n'kungotsala zovala, nsapato ndi ndodo, anthu n'kusangalala. Ana ambiri amaombera m'manja. Wina amene imfa ili pafupi ndi mtima wake sangatero.

Palinso zing'onozing'ono zofunika kuzidziwiratu. Ana amatengera mawu onyoza ndipo adzawayesa pa abale awo mawa lake. Machaputala a ndevu adzayesedwa pa bambo, malume, abusa kapena shehe aliyense wandevu, choncho gwirizanani musanayambe kuti mawu a m'bukuli amatsala m'bukumo. Guluu wamphamvu wa m'nyumba akhale patali sabata imeneyo. Akamatika pazala, viikani m'madzi ofunda a sopo, osakoka. Chaputala cha nyongolotsi musawerenge chakudya chili pamphasa. Ndipo bukuli limadzutsa mwana m'malo momugoneka: limalizeni theka la ola nthawi yogona isanakwane. Mukamawerengera wamkulu amene wachitidwa opaleshoni ya pamimba, mupatseni pilo wogwirizira pachilonda, chifukwa kuseka kumakoka ulusi.

Msinkhu umene limagwira bwino ndi zaka 6 mpaka 10. Ochepera pamenepo ena amaopa chule ndi mfuti zimene awiriwa amakagula. Akuluakulu amaseka nalo kwambiri akaliwerengeredwa, makamaka chiwembu cha ndodo, chifukwa kuleza mtima kwa munthu womata kathabwa usiku ndi usiku pofuna kungozunza mnzake ndi nthabwala imene wamkulu amaimva mozama kuposa mwana.

Mugule mtundu uti

Pamsika pali malemba awiri osiyana. Mu February 2023 kunamveka kuti kampani yosindikiza mabuku ya Puffin inasintha mawu m'mabuku a Dahl, kuchotsa kapena kufewetsa ena okhudza kunenepa, maonekedwe ndi mtundu wa anthu. Anthu ambiri atadandaula, eni ake analengeza kuti malemba akale atulukanso pansi pa dzina la Penguin monga The Roald Dahl Classic Collection. Mu The Twits, kusintha kumodzi kumatikhudza mwachindunji: malemba akale amati chinenero cha ku Africa chimene anyani amalankhula ndi chachilendo m'njira yonyoza, ndipo atsopano anachotsa mawu onyozawo. Dahl anakhalako ku Dar es Salaam akugwira ntchito ku kampani ya Shell nkhondo yachiwiri isanayambe, koma Africa wa m'bukuli ndi nkhalango chabe yopanda dzina. Kwa wowerenga mokweza nkhaniyi si yaikulu monga imamvekera, popeza mawu amodzi mutha kuwalumpha ndi pakamwa panu. Ngati mwana adzaliwerenganso yekha, mtundu wosinthidwawo uli bwino pa mfundo imeneyi, ndipo nthabwala zonse zikuluzikulu zilimo. Kuti mudziwe umene mwagwira, onani tsamba la kuseri kwa mutu wa buku: wosinthidwa uli ndi kachidziwitso kofotokoza kuti mawu amaunikidwanso nthawi ndi nthawi.

Pali mtundu wa zithunzi zakuda ndi zoyera ndi wina wa zithunzi zamitundu. Wamitundu umaoneka bwino kwa ana ambiri okhala pamodzi, koma wakudawo sutaya kanthu pa nthabwala. Buku lakale logulidwa pa kaunjika wa mabuku, kapena m'mashopu a zachifundo kwa amene ali ku Britain, ndi lokwana, bola muwerenge masamba musanalipire. Mabuku owonda a chikuto chofewa amathothoka pakati guluu wa kumsana akauma, ndipo pakati pa bukuli ndi pamene pali mathero a nkhani ya mabaluni. Onaninso ngati mwini wake woyamba sanapake makrayoni pa zithunzi.

Liliponso lomvetsera, lowerengedwa ndi Richard Ayoade, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, lotalika pafupifupi ola limodzi, lokhala ndi timaphokoso tokometsera. Ndi lothandiza kwa wowerenga amene akufuna kumva mmene mawu opeka amatchulidwira ndi pamene katswiri amaima. Pa ntchito yochotsa tsinya silifika pa munthu wamoyo, chifukwa silidikira mwana kuti amalize kuseka ndipo silingaone kuti chaputala china chiyenera kulumphidwa lero. Filimu ya makatuni imene Netflix inatulutsa mu 2025 inatenga anthu a m'bukuli n'kuwaika m'nkhani ina yaitali, choncho amene anaionera asayembekezere kupeza zomwezo m'masambamu.

Chofooka chomaliza n'chakuti bukuli limatha msanga ndipo nthabwala zake zimadalira kudzidzimutsa. Ana aang'ono amafuna kubwereza chaputala cha nyongolotsi kambirimbiri ndipo amasekabe, koma kwa wazaka 10 kapena wamkulu mphamvu yake imachepa akalimva kachiwiri kapena kachitatu. Choncho musaliwerenge lonse tsiku limodzi pongofuna kutha nthawi. Werengani gawo limodzi, ikani kapepala pamene mwalekera, ndipo lisungeni pamalo pamene mwana sangalimalize yekha tsiku loipa lotsatira lisanafike.